Kukaphunzira zoulutsa ndege: ku Joni kapena ku America?

Mphwanga wa kuno ku Senga Bay akufuna kudzakhala mphunzitsi wa oyendetsa ndege, ndiye takhala tikuyerekeza njira ziwirizi.

Makwerero ake ndi ofanana: laisensi ya PPL (yoyendetsera ndege mosalipidwa), kenako CPL (yoyendetsera ndege ngati ntchito yolipidwa), pomaliza chilolezo chophunzitsira. Ku South Africa, bungwe loyang'anira za ndege la SACAA limafuna maola 200 a m'mlengalenga kuti upeze CPL, ndipo uphunzitsi umauyambira pa gawo loyamba lotchedwa Grade III. Ku America, bungwe loyang'anira za ndege la FAA limafuna maola 250, kapena 190 ngati sukuluyo ikutsata Part 141, malamulo a sukulu zovomerezedwa ndi FAA. Ukatero umatenga CFI, chilolezo chophunzitsira cha kumeneko, n'kudzawonjezera CFII ngati ukufuna kuphunzitsa kuuluka m'mitambo podalira zipangizo zokha.

Maola 190 amakopa, koma amalipiridwa m'madola, ndipo nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kubanki. Onjezanipo viza ndi tikiti ya ndege. Ku Johannesburg basi imafika, ngakhale matako amachita dzanzi podutsa Tete ndi Beitbridge. Ine mtima uli ku Joni.

Ndamuuza kuti asanalipire kobiri, ayambe wapimitsa maso, makutu ndi mtima kuti apeze chiphaso cha zaumoyo cha oyendetsa ndege chotchedwa Class 1. Pajatu mwezi wa mawa akupita ku Lilongwe.