The Lion King ya pa siteji: n'zabwino, koma muuzeni mwana kuti si filimu ija

Ngati mwana wanu amaidziwa pamtima filimu ya zojambula ya The Lion King ya 1994, mufotokozereni musananyamuke kunyumba kuti zomwe akukaona ku Lyceum Theatre ku London ndi zina. Nkhani ndi yomweyo, mayina ndi omwewo, koma kakambidwe kake kanasinthiratu. Ine ndinapita ndi ana anga, wamkulu wa zaka 10 ndi mng'ono wake wa zaka 5, ndipo ndalama ya matikiti sindikuidandaula.

Mu filimu ojambula amakuchitira zonse. Mkango ndi mkango, mwana amangolandira. Pa siteji, Julie Taymor, mayi amene anakonza seweroli mu 1997, anasankha kusabisa munthu. Chigoba cha Mufasa, mfumu ya mikango, chimakhala pamwamba pa mutu, nkhope ya wosewerayo ili poyera. Ife tinakula tikudziwa kuti ku gule wamkulu chigoba chimabisa, sufunsa kuti mkatimo muli ndani. Kuno umaona munthu ndi nyama nthawi imodzi. Mufasa akamalangiza mwana wake Simba umayang'ana maso a bambo. Akakwiya n'kuwerama, chigoba chija chimatsikira kutsogolo kwa nkhope, pomwepo wasanduka chilombo. Akadyamsonga ndi anthu oyenda pa mitengo inayi, iwiri kumiyendo, iwiri kumanja. Njovu imalowa kudutsa pakati pa mipando, muli anthu anayi, aliyense mwendo wake. Ngakhale udzu wa m'tchire ndi ovina ausenza pamutu, akamapendama umaona ngati mphepo yadutsa.

Pamene ndinatsimikiza kuti siteji ili ndi mphamvu yakeyake ndi pa imfa ya Mufasa. Nyumbu zothamanga zija, zomwe Mufasa amafera pakati pake, sangazilowetse m'nyumba, ndiye anayamba ndi tizithunzi tating'ono tozungulira kumbuyo, kenako zigoba zokulirapo, mpaka ovina a zigoba zazikulu kutsogolo. Maso ako okha ndi amene amamaliza ntchitoyo, n'kuona gulu la nyama likutsika phiri. Mfumu itafa, mikango yaikazi imakoka tinsalu toyera kuchokera m'maso mwa zigoba zawo, kukoka pang'onopang'ono mpaka pansi. Imeneyo ndiyo misozi. Mwana wanga wamkulu, yemwe pa filimu amadumphitsa gawo limeneli, anakhala duu, dzanja lili pakamwa.

Akazi anapatsidwa malo amene mu filimu analibe. Rafiki, nyani wamwamuna mu filimu, pano ndi mayi, wooneka ngati sing'anga wa ku South Africa, ndipo ndiye amatsegula sewero ndi mfuu ija ya m'Chizulu. Nala, mkango waukazi mnzake wa Simba, ali ndi nyimbo yakeyake, "Shadowland", pamene akutsanzika dziko louma kukafuna thandizo, ndipo kwa ine iyi ndiyo nyimbo yopambana usiku wonsewo. Nyimbo za Elton John ndi Tim Rice zilipo, koma zomwe zimanyamula sewero ndi makwaya a Lebo M wa ku South Africa, ndi oimba ng'oma amene amaoneka m'mbali mwa siteji. Munthu wa kwathu akamva mawu akulandirana choncho thupi limachita tsembwe. N'zosadabwitsa kuti seweroli linakafika ku Johannesburg mu 2007.

Pali zomwe sizinandikhale bwino. Timon ndi Pumbaa, anzake a Simba oseketsa aja, anawasiya ofanana ndendende ndi a mu filimu. Ana amaseka, inde, koma pambuyo pa zigoba zaulemu zija, awiriwa amaoneka ngati asochera kuchokera ku sewero lina. Anawonjezeranso gawo lomwe Scar, m'bale wake wa Mufasa amene analanda ufumu, akufuna Nala akhale mkazi wake. Limafotokoza bwino chifukwa chimene Nala anathawira, koma konzekani kuyankha mafunso pobwerera.

Vuto lenileni kwa ana aang'ono ndi kutalika. Filimu simakwana ola limodzi ndi theka. Sewero ndi pafupifupi maola awiri ndi theka kuphatikiza nthawi yopuma. Nthawi yowonjezerayo inapita ku nyimbo za chisoni ndi kulingalira, monga "Endless Night", pamene Simba akudandaulira bambo ake omwalira. Kwa wamkulu n'zogwira mtima. Wanga wa zaka 5 anali atayamba kale kutembenukatembenuka ndi kufunsa kuti afisi abwera liti, ndipo atabwera anabisa nkhope pachifuwa panga, chifukwa fisi wa pa siteji ali pafupi, si wa mu kanema. Eni sewero amalangiza zaka 6 kupita m'mwamba ndipo osakwana zaka 3 salowa. Langizo limenelo limvereni.

Pogula matikiti, ngati thumba likulola, sankhani mipando ya pansi kufupi ndi kanjira kodutsa pakati pa mipando, chifukwa nyama zimadutsa pomwepo. Mufikenso nthawi yabwino, pakuti gawo loyambirira ndi limene simuyenera kuliphonya. Ngati muli ndi ana, sewero la masana ndilo labwino.