Sitika ya pa Hiace yanga, patatha miyezi 8

Ndimaphika buledi ndi masikono, ndipo Hiace yanga imanyamuka 4 koloko m'mawa kukasiya katundu m'magolosale a ku Chibavi, Zolozolo ndi Luwinga. Lachisanu imatsetsereka mpaka ku Nkhata Bay. Ndachedwa dala kulemba ndemangayi, chifukwa sitika iliyonse imawala tsiku loyamba.

Ndinapusitsidwapo kale. Poyamba ndinamatitsa yotchipa kwa munthu wina, yopanda kapulasitiki koteteza pamwamba kamene amati lamination. Dzuwa la kunyanja linaiwaula, buledi wa pachithunzi n'kumaoneka ngati wachita chuku. Mayi wina wa golosale anachita kundifunsa kuti, "Achimwene, buledi wanu ndi ameneyu?"

Ulendo uno ndinapita kwa anyamata ena chakufupi ndi Katoto. Munali mu Juni, kunja kukuwaza kamvula kozizira kaja timakadziwa a ku Mzuzu. Anakana kumata tsiku limenelo, ati zomatira sizigwira pa chitsulo chozizira ndi chonyowa. Ndinanyinyirika, paja galimoto ikagona ndalama nazonso zagona. Komanso atapeza dzimbiri kunsi kwa chitseko ananditumiza kaye kwa okonza bodi, poti sitika siphimba dzimbiri, imangotukuka nalo. Ntchito ya masiku awiri inatenga anayi.

Koma mmene ankagwirira, ndinasiya kulankhula. Anachotsa sitika yakale, kutsuka ndi sopo, kenaka kupukuta ndi spiriti m'mizere yonse ya bodi, ngakhale mmene simufika chala. Zogwirira zitseko anazimasula m'malo mongodula mozungulira. Mnyamata mmodzi ankatenthetsa sitikayo ndi heat gun pamalo okhota, mnzake akuisindikiza pang'onopang'ono ndi kapulasitiki kokulunga nsalu, kuchokera pakati kupita m'mbali. Katuza kamodzi kanatsalira pafupi ndi nyali, anakabaya ndi singano n'kukafafaniza ndi chala chachikulu. Lero sindingakuuzeni kuti kanali pati.

Mtengo unaposa wa poyamba pafupifupi kawiri, ndipo zinandiwawa. Komabe tadutsa m'fumbi la Okutobala, pano tili m'matope a dzinja, mitundu ikadali momwemo. Pagalasi la kumbuyo anaikapo sitika ya timabowo, kunja anthu amaona chithunzi, ine m'kati ndimaona msewu. Kungoti mvula ikagwa timabowoto timadzaza madzi, ndiye pobwerera m'mbuyo ndimadalira magalasi a m'mbali.

Kona imodzi inayamba kumatuka pafupi ndi bampala, koma cholakwa n'changa. Anandichenjeza kuti otsuka galimoto asamalozetse mpope wamphamvu m'mphepete mwa sitika, ine n'kuiwala kuwauza. Nditabwerera anaikonza osandilipiritsa.

Chimene chikundipwetekabe mtima ndi nambala ya foni. Pakompyuta inkaoneka bwino, koma pagalimoto inagwera theka pa chitseko chokhukhuluza, theka pa bodi. Ndikatsegula kuti nditsitse makireti, chitseko chimabisa manambala anayi omaliza, pamenepo n'kuti anthu a pagolosale akuyang'ana. Iwo amamata magalimoto tsiku ndi tsiku, anayenera kuziona zimenezi asanasindikize. Inu mukapita, auzeni akuonetseni chithunzi chitseko chili chotsegula.

Akuti angathe kusindikiza mbali imeneyo yokha n'kusuntha nambalayo, koma ndilipire theka. Tikukambiranabe. Pakadali pano mnyamata wanga amatsitsira buledi ku chitseko cha kumbuyo.