Telala wa ku Chibavi amene sanamiza tsiku

Matelala ambiri a pakhonde muno mu Mzuzu ndi abambo, ndipo "mubwere mawa" wawo tonse timamudziwa. Amama amene amandisokera ku Chibavi alibe zimenezo. Akati Lachisanu, Lachisanu lomwelo chovala umachipeza chosita kale.

Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi ka lendi. Muli makina amagetsi amodzi ndi awiri opalasa ndi mwendo, choncho magetsi akazima ntchito siima. Atsikana awiri amene akuwaphunzitsa amasoka mayunifolomu, koma zovala za ukwati ndi chinkhoswe amadula okha, ndipo apa ndi pamene pali luso lawo. Maluwa a chitenje amakumana bwinobwino pamsoko, zipi siitupa kumsana. Nsalu ndimagula ndekha ku Taifa Market, zija zolowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania, koma iwo sayika sizasi asanainyowetse kaye kuti aone ngati ikuchucha mtundu. Ikakhala yachabe amakuuza pamaso, olo uyipidwe.

Mtengo ndi wokwererapo kuposa wa pakhonde, ndipo wakhala ukukwera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, poti ulusi, mazipi ndi singano zonse n'zakunja. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Ngongole ayi, ngakhale mupemphere mpingo umodzi.

Chondidandaulitsa ndi malo. Poyesa chovala umabisala kuseri kwa chitenje chopachika pachingwe. Makina a ovaloko, aja osokera m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke ulusi, alibenso, amakapangitsa m'tauni. Nditawafunsa chifukwa chake, poti makasitomala ali nawo ambiri, adaseka: "Mwanangu, kubanki amafuna chikole. Ndipereke chiyani, sizasi?" Kumpoto kuno malo ndi nyumba kawirikawiri zimakhala m'dzina la mwamuna, ndiye mayi ngakhale bizinesi ikuyenda alibe pepala lokaonetsa. Makina onse atatu adagula ndi ndalama za banki mkhonde, ndipo phindu lambiri limathera ku fizi ya ana. Vuto lomweli ndi limene Joyce Banda ankalimbana nalo kalekale poyambitsa bungwe la amayi abizinesi la NABW, koma ku Chibavi likadalipo.

Ine sindisintha telala. Kungoti mukafuna kusoketsa mu Seputembala, sukulu zikamatsegulidwa, kapena mu Disembala, pititsani nsalu msanga. Ntchito ikawachulukira amakubwezani nayo pakhomo pomwepo.