Raketi yamatabwa ndi ya graphite

Malume anga kuno ku Kasungu akusungabe raketi yamatabwa yosewerera tenesi, yopindika pang'ono ndi chinyezi cha m'dzinja. Ukaigwira mkono umalema msanga: imalemera pafupifupi magalamu 400, mutu wake waung'ono. Mpira ukapanda kugunda pakatikati umangofera pomwepo, n'chifukwa chake akale ambiri ankathamangira kuukonde kukamaliza mwaluso. Katswiri wa tenesi Björn Borg anapambana mpikisano waukulu wa Wimbledon kasanu motsatizana, 1976 mpaka 1980, ndi raketi yotere.

Ya graphite (ulusi wolimba wa kaboni) ndi yopepuka, magalamu ngati 300, mutu wotakasuka. Ukaikamo zingwe za polyester, zomwe katswiri wina, Gustavo Kuerten, anatchukitsa mu 1997, mpira umazungulira kwambiri n'kugwerabe m'bwalo ngakhale uumenye mwamphamvu. Umu ndi momwe katswiri Rafael Nadal ankalamulira masewero ali kumbuyo kwenikweni kwa bwalo.

Mwana woyamba kumene ndingamugulire ya graphite, koma luso la paukonde lija ndimalisowa zedi.