Mabawuti a sitenilesi pa injini ya boti: mtengo ukuwawa koma ndiwo olimba

Anzanga a maboti, makamaka inu amene muli ndi ka Yamaha Enduro 15 kapena 40 kumbuyo kwa boti la matabwa, ndati ndinenepo za tizitsulo tonyezimira tadzaza mmashopu a masipeyatu, chifukwa anthu akutayirapo ndalama zambiri. Zimene ndikuyamikira ine ndi mabawuti, manati ndi mawashala a sitenilesi olembedwa A4 pamutu. Ndinagula pa hadiweya ina ku Mangochi nkumanga pamene injini imagwirana ndi thabwa la kumbuyo, pa mahinji a bokosi la thanki ndi pa zomangirira zingwe, ndipo mwera wadutsa, dzinja ladutsa, akadali waliwali, dzimbiri olo kadontho.

Vuto ndi lakuti pa kauntala zonse zimaoneka bho. Mukaika bawuti la kulomu ndi la sitenilesi pamodzi, la kulomu ndi limene limawala kwambiri mpaka kudzionerapo nkhope, mtengo wakenso ndi wotsika, nde munthu umangoti bwana ndipatseni ili. Koma kulomu ija ndi kachikopa chabe, mkati ndi chitsulo wamba. Kachikopako sikakwana ngakhale micron imodzi, pomwe tsitsi limodzi la munthu limakhala cha mma micron 70. Kulomu yapamwamba, ngati ya mabampala a magalimoto akale aja, amayamba akuta chitsulo ndi kopa, kenako nikelo wokhuthala bwino, kulomu nkubwera pomaliza, ndipo amene amatchinga dzimbiri kwenikweni ndi nikeloyo. Pa zotchipazi nikelo amangopakako pang'ono. Sipanala ikangoluma pamutu kamodzi kachikopa kang'ambika, madzi alowa, dzimbiri limayambira kunsi nkumatukumula kulomu ija ngati matuza a moto, kenako imasupuka nkumacheka zala za alovi akamakoka chingwe usiku. Ndaziona pa maboti ambiri pa doko pathu, ndipo zimandiwawa chifukwa eni ake anagula ndi ndalama ya usipa, yovutikira.

Sitenilesi ndi nkhani ina. Kulomu yake ili mthupi monse mwa chitsulocho, yosachepera 10.5%, ndipo ikakumana ndi mpweya imapanga kophimba kosaoneka ndi maso, mukakanda kamadzitsekanso kokha. Palibe chosupuka. Sitenilesi ya mabawuti ili ndi mitundu: A2 ndi imene ena amati 304, ili ndi kulomu 18% ndi nikelo 8%. A4 ndi 316, anaonjezeramo molybdenum 2 mpaka 3%, ndipo ameneyu ndi amene amalimbana ndi mchere. Nde ndinene chilungamo, kwa ife a nyanja ya Malawi ndi Malombe madzi athu alibe mchere, A2 ikukwanirani, musadandaule ngati A4 mwaisowa. Koma anzathu a ku Chilwa, amene mumaolotsa anthu pakati pa Kachulu ndi Chisi, nyanja yanu ilibe mtsinje wotuluka ndipo madzi ake ndi amchere, makamaka ikamaphwa, inuyo funani A4 basi. Chimodzimodzi amene mukugwira ntchito ku Beira kapena ku Pemba.

Popita kogula tengani maginito, olo a sipika yakufa ija. Bawuti la chitsulo wamba lokutidwa limakakamira nganganga, la A2 kapena A4 silikakamira, mwina kungokoka pang'onopang'ono cha ku mazinga. Muonenso pamutu ngati palembedwa A2-70, A4-70 kapena A4-80. Apa ndiwayamikire a pa shopu ija, bambo ogulitsawo sanakwiye nditatulutsa maginito, anachita kunditsitsira okha makatoni nkundiuza kuti awa ndi enieni, awa ndi ongokuta, sankhani. Ogulitsa otere ndi osowa.

Tsono zovuta zake zilipo ndipo sindibisa. Mtengo ndi wokwera ndithu, ukagula ochuluka thumba limamva. Chinanso, nati ya sitenilesi pa bawuti la sitenilesi ikamangidwa youma, mothamanga, imatha kugwirana mpaka osamasukanso, mapeto ake nkucheka ndi sowo. Pakani girizi pa mazinga, muzimanga ndi dzanja modekha, zatha. Komanso 70 ija ikutanthauza mphamvu ya 700 MPa (muyezo wa kulimba kwa chitsulo), pomwe bawuti losakhala la sitenilesi lolembedwa 8.8 ndi 800, la 10.9 kuposa apo, nde chonde mabawuti a mkati mwa injini, a pa silinda hedi ndi ena otero, asiyeni amene anabwera ndi injini. Musawasinthe chifukwa chofuna kuwala.

Koma chachikulu chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi. Thupi la injini zathuzi ndi aluminiyamu. Sitenilesi ndi aluminiyamu zikakhudzana mmadzi pamayenda kamagetsi kochepa, ndipo wodyeka ndi aluminiyamu, osati bawuti. Mudzaona ufa woyera ukutuluka mozungulira bowo, penti nkumatukumuka, bawuti lili phee kunyezimira pomwe injini yanu ikutha. Mmadzi opanda mchere zimayenda pang'onopang'ono koma zimachitika. Nchifukwa chake paliponse pamene sitenilesi ikulowa mu aluminiyamu pamafunika girizi wa mmadzi uja, ndipo ngati nkotheka ikani washala wa pulasitiki pakati. Nchifukwa chakenso opanga injini anaikapo kachitsulo kotuwa kaja cha pamwamba pa pulopela, anode. Ntchito yake ndi kudyeka mmalo mwa injini. Koma abale, anyamata ena akamapenta injini amakapentanso kuti kaoneke bwino, ena amakachotsa kumene ati nkonyansa! Kakapentedwa kasiya kugwira ntchito. Kasiyeni kotuwa choncho, muzingokakwecha ndi sandipepa kakachita utoto woyera, ndipo kakadyeka kufika theka gulani kena. Anode wa zinki ndi wa madzi amchere, mmadzi ngati athuwa magnesium ndi amene amagwira bwino, ndipo ya aluminiyamu imatheka konsekonse.

Za penti wa mchitini wopopera uja, wa chivindikiro chonyezimira amene amati kulomu, ndisatayepo nthawi. Mulibe kulomu mmenemo, ndi penti wa ufa wa aluminiyamu. Tsiku loyamba amawala, mukagwira ndi chala wathimbirira, petulo wathu wosakaniza ndi oyilo uja akadonthera amasungunuka, mukapopera vanishi pamwamba kuti mumuteteze amasanduka wotuwa. Ngati mukufuna thupi la injini lioneke bwino, kwechani, tsukani mafuta onse, yambani ndi etch primer wa aluminiyamu, kenako penti wa 2K amene amapentera magalimoto. Kuwala kwake nkokwanira ndipo petulo samuopa. Penti wa pansi pa boti wokhala ndi kopa asayandikire mwendo wa injini, amadya aluminiyamu koopsa.

Pa pulopela ndiye ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena. Ya sitenilesi ndi yokongola zedi, mapiko ake ndi opyapyala, sapindika msanga, mchenga suyidya ngati mmene umadyera ya aluminiyamu. Koma mtengo wake umapita kawiri katatu, ndipo kulimba komweko nkumene kumandiopsa. Malo a miyala ngati ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, ukagunda mwala ndi ya aluminiyamu phiko limapindika kapena kubenthuka, mmisiri nkuwongola kapena ugula ina. Ukagunda ndi ya sitenilesi mphamvu yambiri imapita ku shafiti ndi magiya, ndipo aliyense amene anagulako magiya a mwendo wa injini akudziwa kulira kwake. Kwa boti la chilimira loyenda usiku, pa ka 15, ine ndimati khalani pa aluminiyamu, ndalama yotsalayo mugulire pulopela ya sipeya. Nati yake ndi kapini kotsekera kaja ndizo zikhale za sitenilesi.

Kusamala kwake nkosavuta, madzi, sopo ndi kansalu. Musakweche ndi waya wotsukira mapoto kapena bulashi ya chitsulo, tizidutswa take timatsalira pamenepo nkuchita dzimbiri, inu nkumati anakugulitsani za feki. Bulichi wochapira zovala ayinso, chlorine wake amaboola sitenilesi timaenje. Ndipo pamene pamangidwa chingwe chonyowa nthawi zonse muzimasulako pauma, chifukwa sitenilesi ikasowa mpweya nayonso imadyeka mobisika.

Kwa ine mabawuti amenewa ndiwapatsa 9 pa 10, imodziyo ndachotsera mtengo. Mukamapita kogula nyamulani bawuti lakale lija kuti mukafananize mazinga ndi kutalika, injini za ku Japan zimayendera ma M6 ndi M8, ndipo mmashopu ena amasakaniza ndi a mainchesi mkatoni imodzi, mukakakamiza la inchesi mu aluminiyamu mazinga atha pomwepo.