Maphunziro a masiku 5 a kayendetsedwe ka pulojekiti ku Salima: ndinapindula, koma Chingerezi chinachuluka

Ndine mlembi wa komiti yomwe inamanga nyumba ya mphunzitsi pasukulu yathu ya pulaimale kuno ku Khombedza. Mu Julayi 2023 anzanga anasonkha ndalama n'kunditumiza ku boma kukachita maphunziro a masiku 5 omwe eni ake amawatcha project management. Ndemanga ndinaichedwetsa dala, ndimafuna ndione kaye ngati zam'kalasi zija zingagwire pansi. Nyumba inatha, aphunzitsi analowa, ndiye ndilankhule.

Tsiku loyamba otiphunzitsa anatifunsa kuti pulojekiti n'chiyani. Kusesa pasukulu si pulojekiti chifukwa sikutha, mawa musesanso. Kumanga nyumba ndiye pulojekiti: ili ndi tsiku loyambira, tsiku lothera, ndi chinthu choloza ndi chala pamapeto. Kenako anajambula ngodya zitatu pabolodi, kukula kwa ntchito, nthawi ndi ndalama, n'kunena kuti mukakoka imodzi zinazo zimasuntha. Ndinkangoti n'zam'buku. Titafika pa lintala, amfumu anabwera n'kuti, “Alembi, bwanji tiwonjezere khonde lalikulu ndi kakhitchini kumbuyoku?” Apa mpamene ndinakumbukira mawu oti scope creep, ntchito kumakula mwakachetechete bajeti ili yomweyo. Ndinawayankha mwaulemu kuti, “Zikomo amfumu, maganizowo ndi abwino, koma tiwerengere limodzi matumba a simenti.” Titawerenga, anaseka okha, khitchini inadikira.

Chomwe ndinapindula nacho koposa ndi critical path. Mwachidule, mumandandalika ntchito zonse n'kufunsa kuti iti ikudikira iti. Ifetu tinkakangana za mtundu wa penti mabuloko tisanaumbe! Mzere wathu unali uwu: kututa mchenga, kuumba mabuloko, kuwathirira madzi mpaka akhwime, maziko, khoma, kenako denga. Imodzi mwa izi ikachedwa sabata, nyumba yonse yachedwa sabata, ndipo mvula sikufunsani. Zitseko ndi mafelemu a mazenera kalipentala akanatha kupanga mu Ogasiti kapena mu Okutobala, palibe chikanasokonekera. Ndinajambula zonsezi kuseri kwa kalendala yakale, masabata pamwamba, ntchito m'mbali, mizere yamakala kusonyeza kutalika kwa iliyonse. Anatiuza kuti chojambula chotere chimatchedwa Gantt chart potengera Henry Gantt wa ku America yemwe anachifalitsa cha m'ma 1910. Kalendala ija tinaikhoma mu ofesi ya ahedi, ndipo amayi otunga madzi ankabwera okha kudzaona sabata yawo.

Za ziopsezo anathamanga nazo, komabe zinatipulumutsa. Anati lembani chomwe chingalakwike, ndipo pambali pake mulembe chomwe mudzachite. Ife tinalemba kukwera kwa mitengo, choncho malata ndi misomali tinaguliratu mu Seputembala ngakhale khoma linali lisanafike pazenera. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene anapita kusitolo mwezi umenewo akudziwa zomwe ndikunena.

Tsono zodandaula. Mapepala onse anali m'Chingerezi chokhachokha, ambiri otengedwa m'buku la PMBOK lofotokoza kayendetsedwe ka mapulojekiti, ndipo zitsanzo zake zinali za mabwalo a ndege ndi mapulogalamu a kompyuta. M'kalasimo munali anthu a m'ma VDC (makomiti a chitukuko cha m'midzi), a makalabu a mpunga a ku Lifuwu, ndi bambo wina wa gulu la asodzi ku Senga Bay. Mawu oti stakeholder anatitengera theka la tsiku, mpaka mayi wina anati, “Aphunzitsi, kodi simukunena onse okhudzidwa, amfumu, makolo ndi ahedi?” Basi, tonse tinamva pompo. Tsiku lachinayi lonse linapita pa pulogalamu ya pa laputopu pomwe ambiri tinalibe, magetsi n'kuzimanso masana, ife thukuta kamukamu ndi kutentha kwa Salima.

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Ngati komiti yanu ili ndi chomanga, tumizani munthu, koma akhale womva Chingerezi ndiponso wosachita manyazi kuimitsa aphunzitsi. Satifiketi anati tidzalandira pakatha masabata awiri. Yanga inafika nyumba itafoleredwa kale, dzina langa atalilakwitsanso.