Kusewera Mongokonda Kapena Molipidwa: Mwana Asankhe Chiti?

Makolo ambiri a ku Mbare ndi Mufakose, madera a mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, amafunsa ngati mwana waluso pa mpira apitirize kusewera mongokonda kapena asaine kontrakiti.

Wosewera mongokonda amadzigulira yekha nsapato, koma sukulu saisiya.
Wosewera wa timu ya mpira ngati Dynamos kapena CAPS United amalandira malipiro, komabe bondo likavulala ntchito ikhoza kutha iye adakali mnyamata.

Kale kulipidwa kunali mlandu pa masewera a Olimpiki: katswiri wa ku America Jim Thorpe analandidwa mamendulo a Olimpiki a 1912 chifukwa analipidwapo posewera baseball. Lero lamulolo kulibe, komabe Kirsty Coventry, wobadwira muno mu Harare, amene akutsogolera IOC (komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki padziko lonse) kuyambira 2025, ankasambira uku akuphunzira ku Auburn University ku America.

Njira yoyamba ikuyenera mwana wasukulu. Yachiwiri ikuyenera amene timu yamufuna kale, makolo atawerenga kontrakitiyo modekha.